NYUNDO NDI COLEMBERA

Nkhani imene ndifuna kukamba ndi inu, anzanga ndi aphunzitsi athu, yakhala irikundibvuta mumtima kuyambira pa chuthi capitaci, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuinena caka cino pamene ndiri m'Fomu 4, sindidzapezanso pena poinenera.

Amalume anga ndi kalipentala. Iwo ndiwo anandilipirira fizi kuyambira tsiku limene ndinalowa pa sukulu pano, pakuti atate anamwalira ndiri wamng'ono. Koma ndiyenera kuulula cinthu cocititsa manyazi. Zaka zitatu zonsezi, mnzanga akandifunsa nchito imene agwira amalume, ndinali kuyankha kuti, "Acita bizinesi m'tauni." Mau akuti kalipentala anali kundilemera pakamwa.

Tsiku lina madzulo amalume anati kwa ine, "Mphwanga, mawa ulawire, ukandinyamulire bokosi." Kutaca tinakwera basi kunka ku koleji ya umisiri kumene iwo anaphunzira ine ndisanabadwe. Tsikulo linali lokomana onse amene anaphunzirapo kale. Ine ndinayembekeza kuona anthu obvala mataye, okhala pa mipando ndi kulankhula Cingerezi cacitali, monga tiona pa misonkhano yina. Koma zimene ndinaona zinali zina. Panali abambo a imvi, anyamata, ndi amai omwe, ndipo ali yense anadza ndi kanthu m'manja: wina maceka, wina nyundo ndi misomali, wina masipanala, wina mtolo wa matabwa pa galimoto. Atatha kupemphera ndi kulonjerana, anabvula majekete, nabvala maovolosi, nalowa m'nyumba zogwirira nchito.

M'nyumba ya akalipentala munali makina akuru opalira matabwa amene anakhala nthawi yaitali osayenda. Amisiri atatu anawamasula, napeza kacitsulo kamene kanaperepeseka, ndipo mmodzi wa iwo anathamanga pa njinga yamoto kukatenga kena ku garaji kwace. Dzuwa lisanapendeke makina aja analira, ndipo ophunzira anaomba m'manja ngati aona cigoli. Mai wina, mmisiri wa magetsi, analemba maina a atsikana awiri kuti akaphunzire nchito kwa iye pa chuthi. Amalume anatsegula bokosi lija ndinanyamula, napereka zida zao zina zimene anazisunga zaka zambiri. Pobwerera ndinawafunsa cifukwa cace anataya zida zabwino cotero. Iwo anaseka, nati, "Sindinataye iai. Nyumba ugonamo, nsapato wabvalazo, ndi fizi yako, zonsezo zinacokera pa benchi lija unaliona. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo."

Mau amenewa anandilasa. Tsono ganizo langa ndi ili: makoleji a umisiri ndiwo amai a anthu ambiri amene alikusenza dziko lino, ndipo ana ao amene anakula ayenera kubwerera kukawathandiza, koma ife a ku sekondale tiyenera kuyamba taleka kuwanyoza.

Tisakane, anzanga, timawanyoza. Mnzathu akalephera masamu timuseka kuti, "Iwe udzangokhoma misomali." Tikafunsidwa m'kalasi za nchito imene tifuna, manja onse aimikidwa pa udokotala, uloya ndi nchito za m'banki, ndipo amene afuna kumanga nyumba akhala cete kuopa kusekedwa. Ngakhale cilango cathu pano ndi khasu kapena cikwanje, kotero kuti mwana akula ndi maganizo akuti nchito ya manja ndi ya munthu wolakwa.

Makolo athu sanali kuganiza motero. Pamene David Livingstone anayenda m'dera la mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja alikusungunula citsulo m'ng'anjo, kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndiponso kuomba nsaru za thonje lolima okha. Wosula anali munthu wolemekezeka pamudzi, cifukwa popanda iye munda sulimika. Chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera nchitoyo, sanaphunzire za kamangidwe ku sukulu, ndipo njerwa zace zinaumbidwa ndi kuochedwa pomwepo ndi anthu a dziko lino. Zipupa zimenezo ziri ciimire mpaka lero. M'caka ca 1894 Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, kumene anyamata anaphunzira mabuku pamodzi ndi ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza, ndipo ambiri a iwo anakagwira nchito ku maiko otizungulira.

Nanga kunyozaku kunacokera kuti? Ine ndiganiza kuti kunadza ndi ukalaliki. M'nthawi ya atsamunda, munthu wodziwa kulemba anakhala pamthunzi m'ofesi ya Boma atabvala malaya oyera, pamene mbale wace anali kupsa ndi dzuwa pa denga. Makolo poona zimenezi anati mwana wanga adzakhale kalaliki. Sitingawadzudzule, pakuti masiku amenewo ophunzira anali owerengeka ndipo mipando inalipo. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupi-fupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Kodi maofesi okwanira khamu lonseli adzacokera kuti? Ndipo ngakhale atapezeka, adzawamanga ndani, adzaikamo magetsi ndi madzi ndani?

Ena ati umisiri ndi wa anthu amene mutu wao sugwira. Amene anena cotere sanaimepo pafupi ndi mmisiri ali pa nchito. Womanga nyumba akafuna kuti ngodya ya maziko iongoke, ayesa mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, ndipo cingwe copingasa cikakwana mamita 5 adziwa kuti zakhala bwino. Si lamulo lija la Pythagoras limene timaloweza ndi thukuta m'Fomu 2? Ife tikalakwa samu aphunzitsi angodula ndi inki yofiira, koma iye akalakwa cipupa cing'ambika. Wa magetsi akaika waya wocepa mphamvu, nyumba ipsa ndi anthu ali m'tulo. Makaniko akapanda kumanga bwino mabuleki a basi, maliro agwa m'midzi yambiri tsiku limodzi. Nchito zotere sizifuna munthu wolephera. Zifuna munthu wa mutu ndi manja pamodzi.

Akuru anati cikumbutsa nkhwangwa ndi cisanu. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, nagwetsa nyumba, milatho ndi masukulu, maka-maka m'cigawo ca kumwera. Madzi ataphwa, anthu anali kufuna-funa womanga, woocherera zitsulo, wokonza mipope ndi wolumikiza mawaya. Tsiku limenelo palibe amene anaseka wokhoma misomali.

Makoleji ophunzitsa nchito zimenezi tiri nao: Soche ku Limbe, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. M'caka ca 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liyang'anire maphunziro a umisiri, ndipo olemba anthu nchito apereka ku thumba lace gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro a anchito ao. M'caka ca 2015 Boma linayamba kutsegula makoleji ang'ono-ang'ono m'maboma, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Tsono wina adzafunsa kuti, "Ngati Boma ndi makampani alikupereka kale, ophunzira akale alowererapo ciani? Si nchito ya Boma imeneyi?"

Funsoli ndi labwino, ndipo sindinena kuti Boma licotse dzanja lace. Koma tiyeni tione kusiyana kwa sukulu yathu ndi yao. Aphunzitsi athu a mbiri yakale akakhala ndi coko ndi buku limodzi, aphunzitsa ana makumi asanu, ndipo buku lomwelo lidzagwiranso nchito caka ca mawa. Koma wophunzira ukalipentala ayenera kudula thabwa, ndipo thabwa lodulidwa molakwa silibwerera. Simenti ikauma yauma. Ndodo zoocherera zitsulo zimatha ngati kandulo. Munthu sangaphunzire kuceka pongoyang'ana mnzace, monganso sangaphunzire kusambira ali pa mtunda. Cifukwa cace sukulu ya umisiri imadya cuma tsiku ndi tsiku, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Ndiona zinthu zitatu zimene ophunzira akale angapereke koposa wina ali yense.

Coyamba ndi zida pamodzi ndi luso lozikonzera. Mlendo wacifundo angathe kugula makina atsopano, nawajambulitsa, napita. Koma makina akaima cifukwa ca kacitsulo kamodzi, amene adziwa pobvuta ndi uja anawagwiritsapo nchito ali mnyamata. Zimene ndinaona tsiku lija sizinadye ndarama zambiri. Zinafuna anthu odziwa ndi okonda malowo.

Caciwiri ndi malo ophunzirirapo nchito yeni-yeni. Wophunzira umisiri amatumizidwa kunja kukagwira nchito pansi pa mmisiri wamkuru, ndipo kupeza malo otero nkobvuta kwa mwana wa kumudzi amene alibe mbale m'tauni. Mmisiri amene ali ndi garaji kapena shopo yace akatenga ana awiri pa caka, wacita coposa kupereka thumba la ndarama. Ndiponso iye ndiye angauze aphunzitsi za kusintha kwa nchito kunjaku, monga galimoto zatsopano zimene matenda ace amapimidwa ndi kompyuta, ndi magetsi a dzuwa amene alikufala m'midzi.

Cacitatu ndi nkhope zao. Mtsikana amene auzidwa kwao kuti magetsi ndi nchito ya amuna, akaona mai amene alikudyetsa banja lace ndi nchito yomweyo, safunanso ulaliki wina. Ine ndemwe ndinatembenuka mtima cifukwa ca kuona ndi maso.

Koma ndicenjezeko pa cinthu cimodzi. Mabungwe ambiri oyamba bwino amafa pa nkhani ya ndarama. Anthu asonkha caka coyamba ndi cimwemwe, caka caciwiri afunsa kumene zinapita, caka cacitatu palibe abwera. Bungwe la ophunzira akale liyenera kuwerenga poyera tambala ili yonse, ndi kufunsa aphunzitsi ndi ophunzira cimene cisoweka lisanagule kanthu. Pena nkwabwino kupereka matabwa eni-eni kusiyana ndi ndarama zogulira matabwa.

Sindinena kuti tonse titaye mabuku ndi kuthamangira nyundo iai. Dziko lifuna madokotala, aphunzitsi ndi oweruza, ndipo amene Mulungu wawapatsa mphatso zimenezo alimbike. Koma tidziwa tonse kuti mwa ife amene tidzalemba mayeso a Fomu 4, owerengeka okha ndiwo adzapeza malo ku yunivesite. Otsalawo, kodi adzakhala pakhonde kudikira kalata yosabwera, pamene cipata cina ciri cotseguka? Ndipo nkulakwa kulowa pa cipata cimeneco ndi nkhope yakugwa, ngati munthu wothawa nkhondo. Tilowepo mwa kusankha.

Tsono ndipempha mwaulemu zinthu izi. Kwa Aphunzitsi Akuru: pamene muitana ophunzira akale a sukulu yino kudzatilankhula, muitaneko womanga, makaniko kapena telala pamodzi ndi madokotala aja, ndipo akhale pa mpando wofanana. Ngati nkotheka, a Fomu 3 ndi 4 apite tsiku limodzi kukaona koleji ya umisiri imene iri pafupi nafe. Kwa aphunzitsi athu onse: khasu lisakhale la olakwa okha; tsiku lina tilime tonse, ndi opambana omwe. Kwa anzanga: madesiki othyoka ali kuseri kwa holo, bwanji osapempha kalipentala mmodzi adzatiphunzitse kuwakonza tokha Loweruka? Ndipo ife tikadzacoka pano, kaya tidzapita ku yunivesite kaya ku koleji ya umisiri, tidzakumbuke kubwerera kumene tinaphunzira tiri ndi kanthu m'manja, pakuti kupatsa nkuika.

Potsiriza ndikonze bodza langa lija. Anzanga amene munandifunsa, amalume anga sacita bizinesi ya m'tauni monga ndinakuuzani. Iwo ndi kalipentala. Apanga zitseko, mipando ndi madenga. Colembera cimene ndalembera nkhaniyi cinagulidwa ndi nyundo yao.

Mnyamata wa Fomu 4