Tikuferanji ndi Mlandu wa Lilime la Kumudzi

Pa mayina onse a masewero amene aonetsedwa pa wailesi ya kanema m'Malawi chiyambire 1999, chaka chimene Television Malawi idatsegulidwa, n'kovuta kupeza lina losulidwa mwaluso kuposa Tikuferanji. Ndi liwu limodzi, koma lasenza chiganizo chathunthu. Mphatikiri ti- akukhazika wolankhula ndi womvera pa mphasa imodzi. -Ku- akuti zinthuzi zikuchitika lero lino. Muzu wa mneni ndi -f-, wa imfa. Ndipo -er- wa msintho womchitira akakumana ndi -nji, pabadwa funso lofuna chifukwa. Funso lotere silifunsidwa mu ofesi. Limafunsidwa pa siwa, pakati pa usiku, nyimbo zitadukiza, pamene anthu atopa ndi kukumba manda ndipo wina wayamba kuwerenga pa zala maliro a chaka chimenecho.

Seweroli lidakonzedwa ndi bungwe la ADRA Malawi ndi cholinga chophunzitsa anthu za Edzi, ndipo nkhope yake yaikulu idali Michael Usi, amene dziko lidamudziwa ndi dzina loti Manganya. Ulemu wake aupatsidwe. Munthu woyamba adapezeka ndi matendawa m'Malawi mu 1985, koma kwa zaka zambiri dzina lawo lidali losatchulika pabwalo. Anthu ankangoti kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, kapena "zomwezi". Ngakhale atsogoleri adachita kulimba mtima kuti aulule za m'nyumba mwawo: Kenneth Kaunda adanena mu 1987 za mwana wake Masuzyo, Bakili Muluzi mu 2004 za m'bale wake Dickson, ndipo Nelson Mandela mu 2005 za mwana wake Makgatho. M'nyengo yotere, sewero loseketsa limene lidalowetsa nkhaniyi m'chipinda chochezera, ana ndi makolo ali pomwepo, lidagwira ntchito imene zikwangwani za m'misewu zidailephera.

Komabe masewero a mtundu umenewu, a zinsinsi za pabanja ndi moyo wa kumudzi, olipiridwa ndi mabungwe, ali ndi nthenda yawoyawo, ndipo nthendayo ili pa lilime. M'masewerowa mumamveka Chichewa cha mitundu iwiri. China n'cha wam'mudzi: chonona, chodzala ndi miyambi, zining'a ndi mwano wokutidwa mu ulemu. Mwini Chichewa chimenechi ndiye chitsiru cha m'sewero, ndiye wobisa, ndiye wolakwa. China n'cha namwino, mlangizi, kapena mwana wophunzira wochokera ku Blantyre: chouma ngati chikonyo, chopanda fungo la utsi, ndipo mwini wakeyo ndiye amene wolemba wamupatsa choonadi. Woonera akaona zimenezi kakhumi, amaphunzira phunziro limene silidalembedwe pa pepala la wopereka ndalama, loti Chichewa chokoma n'cha anthu opusa, ndipo nzeru zimalankhula Chingerezi chovala nsanza za Chichewa.

Kachitidwe kake n'kodziwika kwa aliyense amene adakhalapo kutsogolo kwa kanema madzulo. Bambo wina wamwalira. Tsiku loika maliro patulukira mayi wachilendo ali ndi ana awiri, onse mphuno ndi mayendedwe a malemu. Mpaka pamenepa zonse zili bwino, ndipo kuseka kwake n'kwenikweni, chifukwa ochita sewero akulankhula monga anthu alankhulira. Azakhali a malemu akuti, "Alendowa apatseni mphasa, achokera kutali, ngakhale kuti nkhope zawo zachokera pafupi." Mlamu akuyankha chapansipansi kuti mapanga awiri avumbwitsa. Palibe watchula chigololo, koma mudzi wonse wamva, ndipo wamasiye sadachititsidwe manyazi. Kenaka, patatsala mphindi zisanu kuti sewero lithe, pafika munthu wa chikwama. Iyeyu aimirira pakati pa anamfedwa nayamba kunena kuti "ndikofunika kuonetsetsa kuti nkhani zokhudzana ndi mchitidwe wokhala ndi zibwenzi zambiri zikukambidwa momasuka pofuna kuchepetsa chiopsezo". Onse agwedeza mitu. Manganya wa m'sewerolo, kaya dzina lake ndani, avula chipewa nalapa. Kuseka kwathera pomwepo, ndipo kumvetsera nakonso kwatha.

Munthu sasowa kuona pepala la wolemba kuti adziwe kumene chiganizo chimenecho chidabadwira. Mafupa ake akuonekera. Chichewa chimayenda ndi aneni. Chimakonda kunena amene wachita ndi chimene wachita. Chiganizo cha munthu wa chikwamayu chaunjika mayina opanda mwini, "nkhani zokhudzana ndi", "mchitidwe wokhala ndi", ndipo mneni wake ali mu msintho wochitidwa kuti pasapezeke wolankhula kapena wolankhulidwa. Akukamba ndani? Ndi yani? Pakhomo pa yani? Agogo akadati, "Mwana wanga, ukayenda usiku umabwera ndi mame," akadatchula munthu, nthawi ndi zotsatira zake m'mawu asanu ndi awiri. Chodabwitsa n'choti amene amadzudzula mudzi kuti umabisa zinthu m'zining'a ndi omwewo amene adadzaza wailesi ndi mawu onga jenda, chiopsezo ndi kupatsa mphamvu, mawu amene amabisa kwambiri kuposa mwambi uliwonse, popeza mwambi uli ndi mfungulo imene mudzi wonse udasunga, pamene mfungulo ya mawu enawa idatsala ku msonkhano wa ku hotela.

Ganizo loti mudzi sudziwa kuulula chinsinsi n'labodza, ndipo n'lachipongwe. Mudzi udamanga njira zake kalekale, ndipo zambiri mwa izo n'zoseketsa. Pali chisuweni, pamene mwana wa malume ndi mwana wa azakhali amatchulana mwamuna ndi mkazi, natukwanizana popanda mlandu. Msuweni amanena pagulu chimene mchimwene sangayerekeze kunong'ona. Pali adzukulu a pamaliro, amene amakumba manda, kusenza bokosi, ndi kuchita nthabwala pakati pa misozi, nthabwala zimene nthawi zina zimakhudza makhalidwe a malemu amene. Pali nyimbo za pamtondo, m'mene mayi amaimba mlandu wa mwamuna wake mokweza, apongozi ali pakhonde akumva, koma palibe angamuitanire kubwalo chifukwa iye amangosinja. Pali zilombo za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, zimene zimatsanzira woledzera, wachiwerewere ndi mlendo wodzikuza mpaka mwini khalidwe adzizindikire yekha. Pamwamba pa zonsezi pali ankhoswe, amene ntchito yawo ndi kumva za kuchipinda ndi kuzitulutsa pa mlingo woyenera, kwa anthu oyenera. Amene amadziwa mwambi woti khoswe akakhala pa mkhate sapheka amadziwanso kuti vuto la chinsinsi cha pabanja silikhala kusowa mawu. Wolakwayo ndi m'bale, ndipo mkhatewo ngwa banja lonse. Luso lagona pa kuchotsa khosweyo mkhate osasweka, ndipo sewero labwino liyenera kukhala pa luso limeneli kuyambira poyamba mpaka pothera. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene ankasewera ngati Izeki ndi Jakobo ndipo adamwalira mu 2016 ndi 2021, ankadziwa kuti wooneka wopusa ndiye ali ndi chilolezo chonena zoona. Sankasowa munthu wachitatu wodzamasulira nthabwala zawo.

Otsutsa adzati zining'a zomwezo zidapha anthu, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Liwu loti fisi lidaphimba mwamuna wolowa m'nyumba ya mtsikana usiku. Kusasa fumbi ndi kulowa kufa ndi mawu ofewa okutira zinthu zimene zidafalitsa kachirombo ndi kuswa mitima. Chifuwa cha munthu wodwala Edzi chidatchedwa tsempho kapena mdulo, ndipo mlandu udagwera mkazi amene adathira mchere m'ndiwo. Zonsezi n'zoona. Koma mankhwala a chining'a choipa amapezeka mwa munthu wa m'mudzi momwemo amene angachivule pabwalo ndi lilime lomwelo. Namkungwi akaimirira nati fisi ameneyu ali ndi dzina, ali ndi mkazi, ndipo dzulo adagula fodya pagolosale, mawuwo amaluma, chifukwa atuluka m'kamwa mwa mwini mwambo. Mlendo wa chikwama akanena zomwezo m'Chichewa chake chomasulira, anthu amaombera m'manja, kulandira fanta, n'kubwerera ku zakale. Sewero limene limaika kusintha konse m'manja mwa mlendo limanamiza woonera za mmene midzi imasinthira, ndipo limalanda ulemu amayi, mafumu ndi anamkungwi amene adathetsa miyambo ina paokha, atatopa ndi kuika ana awo m'manda.

Palinso funso la amene akuseka ndi amene akusekedwa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, kumene magetsi ndi a nyumba zowerengeka. Choncho sewero la pa kanema lonena za mudzi limaonedwa kwambiri ndi a m'tauni, ambiri mwa iwo ana a anthu omwe akusekedwawo. Wochita sewero akavala jekete long'ambika, kumanga buluku ndi luzi, ndi kupotoza lilime kuti limveke la Chiyao kapena la ku Chigwa cha Shire, kuseka kumene kumabuka ku Area 47 kapena ku Namiwawa sikukhala kwa pachisuweni, popeza wosekedwayo alibe mpata wobwezera. Dziko lino lili ndi mbiri yowawa pa nkhani ya malilime. Mu 1968 Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi mpaka 1994, ndipo Chichewa Board, imene idakhazikitsidwa mu 1972, idakhala zaka zambiri ikuweruza kuti Chichewa cholondola n'chiti. Wolemba sewero amene amapatsa chitsiru katchulidwe ka chigawo china akupitiriza ntchito ya chiweruzo chimenecho, ngakhale iye akuyesa kuti akungoseketsa.

Umboni woti anthu amamvetsera nkhani za zinsinsi popanda mlaliki womalizira ulipo pa wailesi yomweyo ya MBC. Pulogalamu ya Nkhani za M'maboma, imene Harri Englund adailembera buku lotuluka mu 2011, idakopa omvera ochuluka ndi nkhani zochokera kwa anthu wamba: mfumu yogwidwa m'nyumba ya mwini, mphunzitsi wochimwitsa mwana wa sukulu, m'bale wolanda katundu wa amasiye. Omvera ankaweruza okha, m'minibasi ndi pa zitsime, ndipo chiweruzo chawo chinkakhala chakuthwa kuposa cha mlangizi aliyense.

Michael Usi adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege, ndipo adakhala pa udindowo mpaka 2025. M'miyezi yonseyo anthu m'misika sadaleke kumutchula Manganya. Ndi ochepa amene angabwereze chiganizo chimodzi cha uphungu umene unkatseka masewero a zaka zimenezo, koma dzina la wam'mudzi uja lidakakamira mpaka ku nyumba ya boma. Olemba masewero atsopano, pa kanema ndi pa mafoni, akafika pa mphindi zisanu zomaliza za maliro aja, amusiye munthu wa chikwama m'galimoto. Azakhali alipo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhala kale pansi pa mtengo wa mango, wamasiye sadayankhulebe, ndipo ana awiri a mphuno ya malemu akudikira kuti wina awauze mbale imene adyere.