Yezani madzi kaye musanakumbe malasha

Abale athu a m'mbali mwa nyanja, nkhani ya malasha ambiri timaiona ngati ya kutali, ya ku Rumphi ndi ku Karonga. Koma mitsinje ya kumeneko, North Rukuru, Lufira ndi Songwe, imathira m'nyanja yomwe tonse timaponyamo chilimira. Ndipo amene amatunga madzi pafupi ndi migodiyo ndi alimi ndi asodzi ngati ife tomwe. Mawu athu ndi amodzi: mgodi usanakumbidwe, madzi a pansi pa nthaka ayezedwe kaye, ndipo zotsatira zake zipatsidwe kwa eni mudzi.

Tiyambe ndi mmene pansi palili. Malasha a kuno amapezeka m'miyala imene akatswiri amaitcha Karoo, yomwe inasanjikizana zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Ili ngati mphasa zoyalidwa pamwamba pa zinzake: mwala wa mchenga, mwala wa dongo, mzere wa malasha, kenako mwala wa mchenga wina. Mwala wa dongo sulola madzi kudutsa. Wa mchenga umawasunga, makamaka m'ming'alu yake. Ndiye popeza dera lonseli lili m'chigwa chachikulu chimene nyanja yathu inakhalamo, miyalayo inathyokathyoka, ndipo ming'alu ina imayenda mtunda wautali. Madzi amatsata ming'aluyo, sayang'ana malire a munda kapena mpanda wa kampani.

Tsono wokumba malasha safuna madzi m'dzenje lake. Akafika pamene pali madzi amaika mapampu n'kumapopa usana ndi usiku. Madzi a m'miyala yozungulira amayamba kutsetserekera ku dzenjelo, monga amachitira mukafukula kachitsime pa mchenga wa mumtsinje. Chitsime chimene chili pa mng'alu womwewo chimatsika, mjigo umayamba kutulutsa mphepo, kasupe wa ku dimba amauma msanga. Mwini mjigo akadandaula amamuyankha kuti ndi chilala. Atsutsa bwanji, poti palibe amene analemba pamene madzi ankalekeza mgodi usanabwere?

Vuto lachiwiri ndi la zimene zimalowa m'madzimo. M'malasha ambiri mumakhala timiyala tonyezimira ngati golide totchedwa pyrite, tokhala ndi chitsulo ndi sulfure. Tikakhala pansi sitivuta. Tikafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi mvula, timapanga asidi amene amasungunula zitsulo za m'miyala. Chizindikiro chake ndi madzi ofiirira ngati dzimbiri m'ngalande zochokera pa milu ya zinyalala za mgodi. Si malasha onse amene ali ndi timiyalati mofanana, n'chifukwa chake kuyeza kuli kofunika mgodi ndi mgodi. Chopweteka n'chakuti zimenezi sizitha mgodi ukatsekedwa. Dzenje losiyidwa limadzaza madzi, ndipo madziwo amapitiriza kulowa pansi kwa zaka zambiri.

Izitu si nthano. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la migodi ya m'boma la Karonga, kuphatikizapo wa malasha wa ku Mwabulambo umene unasiya ntchito mu 2015 maenje ali apululu. Dandaulo limene linabwera kawirikawiri linali lakuti anthu sauzidwa zotsatira za kuyeza madzi amene amamwa.

Tisakokomeze ayi. Nyanja yathu ndi yaikulu, ndipo sitikunena kuti mgodi wa ku Karonga upha usipa wa ku Mangochi. Chimene chimapwetekeka ndi cha pafupi: chitsime cha pamudzi, mpunga wothiriridwa ndi madzi a mumtsinje monga wa ku sikimu ya Lufira, ndi nsomba zokwera mitsinje. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja kukaswana pa timiyala ta m'mitsinje yoyera. Matope ndi fumbi la malasha zikakwirira timiyalato, mazira amafa. Mpasa wachepa kale chifukwa cha kukokoloka kwa nthaka ndi kutchinga mitsinje, ndiye tiwonjezere china?

Sitikudana ndi malasha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, migodi ngati ya Kaziwiziwi ndi Mchenga ku Rumphi yalemba anthu ntchito, ndipo mafakitale amadalira malashawo. Ena amati kuyeza kumachedwetsa chitukuko. Koma kuyeza zitsime za mudzi umodzi n'kotchipa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto imodzi yonyamula malasha. Kumatetezanso kampani yochita bwino, chifukwa chilala chikaumitsa mjigo, mabuku ndi amene adzaiyeretse.

Malamulo alipo kale. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, imene imapereka zilolezo zopopa madzi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito ngati ya mgodi iunikidwe kaye, anthu okhudzidwa afunsidwe. Msonkhano wotere ukaitanidwa, tisamangofunsa za chipukuta misozi cha minda. Tifunse: mupopa madzi ochuluka bwanji pa tsiku? Mukawataya kuti? Adzayeza ndani, kangati pa chaka? Mukadzachoka, dzenje adzakwirira ndani, ndi ndalama ziti?

Palinso chimene tingayambe tokha, kaya kwathu kuli mgodi kapena ayi. Komiti ya madzi igule kope. Kawiri pa chaka, mu Okutobala ndi mu Marichi, itsitse chingwe chomangirira kamwala m'chitsime, ilembe pamene madzi akulekeza, mtundu wake ndi kakomedwe kake. Pa mjigo, ilembe mphindi zimene ndowa ya malita 20 imatenga kuti idzaze. Amfumu asainire. Tsiku limene alendo adzabwere ndi makina obowolera miyala, kope limenelo lidzakhala mboni yathu. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo a pansi pa nthaka akaipa palibe sopo wowachapira.