Lamya m'manja, maliro kumudzi

Mafumu, anyakwawa ndi anthu onse a m'midzi, nkhani iyi icokera m'miseu ya mzinda wa Lusaka, koma misozi yake igwera pa makomo anu. Aliyense woimirira pa Cairo Road m'mawa, kapena pa Great East Road pamene magalimoto a ku Chelstone ali kukhamukira m'tauni, adzaona yekha cinthu ca manyazi ici: dalaivala dzanja limodzi pa ciongolero, lina pa lamya, mutu woweramira pansi, cala cili kulemba uthenga, galimoto ili kuyenda yokha monga ng'ombe zopanda mbusa. Ocita zimenezi ndi a minibasi, a matakisi, a malole, ndiponso apamwamba a ku Kabulonga ndi Woodlands, amene ena a iwo sukulu anakaiphunzirira kutsidya kwa nyanja.

Tiyeni tiwerenge pamodzi, pakuti masamu ake ndi a mwana wa Giredi 7. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imapita mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala akacotsa maso pa mseu kwa masekondi 5 okha kuti awerenge uthenga, wayenda mamita 83 ali wakhungu, mtunda wongotsala pang'ono kukwana utali wa bwalo la mpira. Pa Burma Road ku Kabwata, m'mamita 83 amenewo muli ana a sukulu, amai osenza ndiwo za malonda, mnyamata wokankha wilibala ndi nkhalamba yodumpha mseu ndi ndodo. Kunja kwa mzinda, pa liwiro la makilomita 100, mtundawo umafika mamita 139. Kodi ndani wa inu angakwere ngolo imene woyendetsa wake wadzimanga nsalu kumaso? Nanga bwanji tikhala cete m'galimoto?

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalengeza mu 2023 kuti miseu imapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa caka, ndipo limacenjeza kuti woyendetsa ali pa lamya mpata wake wocita ngozi umakula kanai. Mu 2009 akatswiri a Virginia Tech ku America, ataika makamera m'malole, anapeza kuti kwa dalaivala wolemba uthenga mpatawo umakula nthawi 23. Mu 2008 ku Chatsworth, m'dziko lomwelo, woyendetsa sitima ya pa njanji anapyola nyali yofiira ali kutumiza mauthenga, nagundana ndi sitima ya katundu, ndipo anthu 25 anafa. Ngati lamya inasokeretsa sitima imene ili ndi njira imodzi yokha, kuli bwanji minibasi yopikisana ndi inzake pa Kafue Roundabout?

Kuno kwathu apolisi anawerenga anthu oposa 2,000 ofera pa mseu mu 2022, ndipo gulu lalikulu koposa la ofa motere ndi anthu oyenda pansi, amene galimoto sanaigulepo. Mowa, liwiro ndi matayala akutha zili ndi mbali yake pa imfa zimenezi. Koma mwa zigawenga zonsezi, lamya ndiyo yodziwa kubisala. Woledzera amanunkha, wothamanga amasiya mikwasa ya matayala pa tala, koma lamya imalowa m'thumba apolisi asanafike. Cotsala ndi mau amodzi amene tatopa nao: "Sindinamuone, anangotulukira." Zoona sanamuone, pakuti maso anali pa miyendo.

Tsono taonani cimene cimatsatira. Wovulala agonekedwa ku UTH kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa, ndipo kumudzi agulitsa ng'ombe ndi cimanga ca m'nkhokwe kuti wina apite kukamdwazika. Akamwalira, bokosi likwezedwa ulendo wa ku Petauke, Katete kapena Chadiza ndi ndalama za ngongole. Pambuyo pa maliro acibale anong'onezana kuti imfa yotere siyopanda munthu, napita kwa sing'anga, naloza cala gogo wosalakwa amene Lusaka sanaionepo. Mudzi ugawika pakati, abale aleka kupatsana moto, pamene mfiti yeniyeni ili kuyendetsa galimoto ina mumzinda, lamya ili m'manja monga kale. Tileke kucha zinthu zotere tsoka. Tsoka ndi mphezi. Kulemba uthenga uli pa ciongolero ndi cinthu cimene munthu amasankha yekha ali ndi nzeru zake zonse.

Lamulo lilipo. Road Traffic Act ya 2002, imene inakhazikitsanso bungwe la RTSA, imaletsa kugwiritsa nchito lamya ya m'manja poyendetsa galimoto, ndipo palibe dalaivala wa laisensi anganene kuti sadziwa. Komabe ali ndi zifukwa zao, ndipo tiziyankhe cimodzi-cimodzi. Wina akuti, "Ndayendetsa zaka 20, mseu ndiudziwa." Mseu audziwadi, koma mwana amene adzadumphe lero kuthamangira mpira samdziwa. Wina akuti, "Ndimalemba pa maroboti pokha." Nyali ikasintha amanyamuka uthenga usanathe, maso ali pakati, ndipo pa maroboti pomwepo ndi pamene oyenda pansi ndi ogulitsa malonda amapita pakati pa magalimoto. Wina akuti, "Malonda anga ali pa lamya." Imani pambali, malizani malonda anu, ndipo mupitirize ulendo. Mphindi ziwiri sizinasaukitsepo munthu. Makolo anati mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna mseu ndi lamya nthawi imodzi adzataya zonse, ndi moyo wa mwana wa mnzake pamwamba. Ndipo iye amene agwidwa napereka ciphuphu, pamodzi ndi wolandira, onse awiri agulitsa magazi a munthu amene sanafe.

Koma nafenso a kumudzi tisasambe m'manja msanga. Kodi uthenga umene dalaivala awerenga ucokera kuti? Kawiri-kawiri ucokera kwa ife. Mwana wathu ayendetsa takisi ku Lusaka, ife tituma uthenga wa ndalama za feteleza, ndipo akacedwa kuyankha tiimba kawiri, katatu, ndi kumnena kuti tauni yamlowa m'mutu. Mwanayo, poopa kukwiyitsa makolo, ayankha galimoto ili pa liwiro. Eni mabasi ndi malole naonso afuna kudziwa ola lililonse pamene galimoto yafika. Ngati mudziwa kuti munthu ali pa ciongolero, tumani uthenga umodzi ndi kudikira. Kuli bwino yankho lifike madzulo kusiyana ndi kuti lifike ndi apolisi.

Cinanso ndi ulemu wolakwika. Anthu 60 akwera basi pa Intercity ulendo wa makilomita oposa 550 kupita ku Chipata, naona dalaivala ali kuseka ndi lamya potsika mapiri a Manenekela kulinga ku mlatho wa Luangwa, koma onse angoti cete, poopa kunenedwa kuti ndi a kumudzi osadziwa za galimoto. Munalipira tikiti kuti mufike amoyo. Nenani mwaulemu koma momveka: "A dalaivala, ikani lamya pansi, mwanyamula anthu." Mmodzi akayamba, ena amthandize, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akakana, lembani nambala ya galimoto, muuze apolisi pa rodibuloko yoyamba, kapena imbani ku RTSA pa nambala yaulere ya 983.

Anyakwawa anene zimenezi pa misonkhano ya mudzi, aphunzitsi m'masukulu, abusa m'machalichi, ndipo anyamata a njinga za moto amene adzaza m'maboma athu amve naonso, pakuti mlandu wao ndi womwewo. Mwana wanu akabwera kudzaceza ndi galimoto, nimuona ali kulemba uthenga poyendetsa, musamtame kuti ndi wocangamuka. Mlandeni lamyayo, muisunge inu mpaka galimoto itaima.