Kompyuta Yongoyerekeza Nayonso Isamaiwale

Magetsi akangozima, zonse zimene zinali mu RAM ya kompyuta zimafufutika. Mu 2019 ndondomeko ya NVMe 1.4 inabweretsa Persistent Memory Region, kachigawo ka m'chipangizo chosungira zinthu komwe pulogalamu imalembamo mwachindunji ngati mu RAM, koma zolembedwazo osatayika. Mu 2020 QEMU 5.1, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yeniyeni, inayamba kutsanzira kachigawoka pogwiritsa ntchito fayilo wamba.

Anzanga ena amati uku n'kutaya nthawi chabe, poti ngakhale Intel inalengeza mu 2022 kuti ikusiya bizinesi ya Optane. Ine sindigwirizana nawo. Wophunzira ngati ine ndalama zogulira chipangizo chotere angazione kuti? Koma pa laputopu yanga yakaleyi ndingathe kulemba driver, kuzimitsa kompyuta yongoyerekezayo, kuiyatsanso, n'kupeza zimene ndinalemba zikadalipo.

Ndikuvomereza kuti fayilo singandiuze liwiro la chipangizo chenicheni. Ndiponso kuzimitsa kotereku n'kosiyana ndi kuthima kwa magetsi, chifukwa laputopuyo imakhala ikadayaka. Komabe driver wanga akalephera kupeza kachigawoka, ndimadziwa usiku womwewo, osalipira ngakhale tambala.