Alembi, ndege ya ku Chileka sitera ku London

Anzanga a m'gulu muno, nkhani zathu zambiri zili ndi matenda amodzi. Mnyamata wa ku Ndirande wavutika ndi ulova, mutu wachisanu akukwera ndege pa Chileka, akuwodzera pang'ono, kudzidzimuka ali ku London. Eti basi, mavuto atha. Limeneli ndi bodza, ndipo tikumwetsa owerenga athu.

Tiyambe ndi mtunda. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku London, mowongoka, ndi makilomita oposa 8,000. Koma lero palibe ndege yonyamula anthu yomwe imawongola njira imeneyi. Mnyamata wanuyo ayenera kukasintha ndege ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg. Akadzera ku Johannesburg, amayamba wabwerera kummwera makilomita oposa 1,300, ulendo wonse n'kupitirira 10,000. Amakhala maola ambiri pa mpando wa pabwalo la ndege, botolo la madzi likugulidwa ndi ndalama zakunja zomwe alibe. Inu mwadumpha zonsezi ndi chiganizo chimodzi.

Mwina muti kale zinkatheka. Zoona, m'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inkauluka ndi VC10 kuchoka ku Blantyre mpaka ku Gatwick. Koma kampaniyo inatsekedwa mu 2013, ndipo yomwe inalowa m'malo mwake, yomwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 pomwe Ethiopian Airlines ili ndi 49, imauluka mu Africa momwemuno. Ngati nkhani yanu ndi ya 1975, tiuzeni. Ngati ndi ya lero, musatinamize.

Ena ati, "Aise, ndi nthano chabe, vuto n'chiyani?" Vuto ndi loti mtsikana wa ku Bangwe amene akuwerenga pafoni yake sanaonepo mkati mwa ndege, ndiye akukhulupirira inuyo. Simunamuuze za mzere wa pasipoti. Simunamuuze kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, tikiti n'kukwera tsiku lomwelo. Simunamuuze kuti mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufunsa Amalawi ofuna viza yokacheza chikole chofika madola 15,000. Wosadziwa izi ndi amene amagulitsa poloti ya makolo ku Machinjiri n'kupatsa tambwali yemwe wamulonjeza ntchito kunja.

Komanso mukutaya nkhani yokoma. Mayi wogulitsa zitumbuwa ku Zingwangwa akutenga ngongole ku banki nkhonde kuti mwana alipire viza, viza n'kukanidwa, ndalama osabwezedwa: pamenepo pali mutu wathunthu. Amalume akuwerenga masiku, ngongole ikuswana. Zimenezo ndiye zathu, ndipo timazidziwa kuposa chipale chofewa chomwe mumakonda kufotokoza musanachionepo.

Lembani za kunja, palibe akuletsani. Koma musanakweze munthu wanu ndege, funsani amene anayendapo, onani mapu, werengani maola ndi ndalama. Wotsutsa alembe m'munsimu, atiuzenso ndege yomwe anakwera.