Bambo akalawa okha madzi amchere

Bambo anga ali ndi zaka 78 ndipo sanaonepo nyanja yamchere. Atandiuza zimenezi mwezi watha, ndinawalonjeza kuti mu Okutobala, mvula isanagwe, tidzapita pa galimoto ku Dar es Salaam. Kulonjeza kunali kosavuta. Thukuta linatuluka nditakhala pansi ndi mapu.

Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo ndawagawa masiku atatu. Tsiku loyamba tidzadutsa Chikangawa ndi Mzuzu, n'kutsika Chiweta kukagona ku Karonga. Lachiwiri tidzaoloka malire pa Songwe, n'kukwera mapiri a tiyi ku Tukuyu mpaka ku Iringa. Lachitatu tidzatsika Kitonga, n'kudutsa m'nkhalango ya Mikumi, kenako Morogoro, mapeto ake nyanja.

Zondisowetsa tulo ndi Chiweta ndi Kitonga. Pamitsetse yotere, ukamaponda mabuleki osalekeza amatentha mpaka kuleka kugwira. Nzeru n'kutsika pa giya yaing'ono kuti injini izithandiza kugwira galimoto. Choncho makaniko ayamba waona mabuleki, matayala ndi rediyeta. Usiku sitidzayenda ayi.

Mapasipoti ndi inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA ndakonza kale. Tikadzaoloka Songwe, wotchi tidzaikankhira kutsogolo ndi ola limodzi.

Mayi a kunyumba akuti tidikire chaka chamawa, ndalama zichulukeko. Akunena zoona, koma maondo a bambo akufooka mwezi ndi mwezi. Dzulo anandifunsa kuti: "Mwana wanga, madziwo ndi amcheredi, kapena anthu amangokokomeza?"

Ndinawayankha kuti akalawa okha.