Sabata imodzi ku hotela si nyumba

Ena mwa ana a kuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg amaimbiridwa foni ndi ogulitsa "timeshare". Malondawo ndi otere: munthu amalipira ndalama zambiri, n'kupatsidwa sabata imodzi pa chaka m'chipinda cha kugombe, monga ku Durban. Masabata enawo chipindacho n'cha anthu ena. Ndipo chaka ndi chaka pamabwera ndalama yosamalira malowo, imene imakwerakwera, mwini sabata apiteko kapena asapiteko.

Madandaulo atachuluka, bungwe la boma la South Africa loteteza ogula, National Consumer Commission, lidafufuza malondawa mu 2017. Lipoti lake la mu 2018 lidadzudzula makontrato opanda mapeto, amene wogula amalephera kutulukamo. Ngakhale kupeza womugulitsa sabatayo n'kovuta.

Tsono banja la ku Angónia kapena Tsangano liyambe ladzifunsa kumene tchuthi chake chimathera. Disembala akafika, ambiri amakwera basi kubwera kumudzi, kudzaona makolo, kudzathandiza kupalira, kudzagula feteleza. Chipinda cha ku Durban chidzagonedwa liti? Munthu wa malipiro okhazikika, wozolowera kukapuma malo amodzi chaka chilichonse, mwina angapindule nacho. Koma otere ndi ochepa m'maboma a m'malire muno, ndipo mkazi ndi ana otsala kumudzi ayenera kumva nkhaniyo munthu asanasaine.

Amene wasaina kale asachedwe. Lamulo la South Africa loteteza ogula la mu 2008 limapatsa munthu wochita kutsatidwa ndi ogulitsa masiku 5 ogwira ntchito kuti athetse kontratoyo polemba kalata.